Mtengo wa Mabotolo wa Mayi Ozella

Ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo ili ndi lamulo limodzi limene ngakhale wofika dzulo amalidziwa: kiyi amakupatsa, koma nyumba si yako. Umalowa, umamusambitsa munthu, umamupatsa tiyi ndi mankhwala, n'kutseka chitseko bwinobwino potuluka. Keturah Chimbalanga lamuloli ankalidziwa, ndipo ndi iye amene ankalangiza nalo atsikana ongofika kumene kuchokera kumudzi. Ndiye zimene anachita kunyumba ya Mayi Ozella ku Spinney Hill, mumzinda wa Leicester ku England, musazitche umbuli ayi. Unali mwano, mwano wovala duku loyera.

Tisamunamizire, ntchito ankaigwira. Ankadzuka kukali chisisira ku Braunstone, mbali ina ya mzindawo, kukonzera ana ake zopita nazo kusukulu, kukwera basi mpaka m'tauni, kusintha ina, ndipo sanachedwepo pa shifiti. Manja ake anali ofewa pa thupi la nkhalamba. Vuto lake linali limodzi: paliponse ankaonapo Satana. Kutchalitchi ndiye ankatsogolera mapemphero a amayi, ndipo mphaka wa eni ake akangomuyang'anitsitsa pang'ono, ankamudzudzula m'dzina la Yesu mpaka mphakayo kuthawa.

Mayi Ozella Tolliver anali nkhalamba yakuda ngati ife tomwe, yowonda, yolankhula Chingelezi chokoka pang'onopang'ono. Anabadwira kumwera kwa America, ku Mississippi, m'chigwa cha mtsinje waukulu chimene eni ake amachitcha Delta. Kumeneko dothi ndi lakuda bii, ndipo masiku amenewo thonje linkafika polekezera maso. Makolo awo anali matenanti pamunda wa mzungu: kulima ndi iwo, kupalira ndi iwo, kutola thonje ndi iwo mpaka zala kuchucha magazi, koma pogawana zokolola wogawa anali mwini munda yekha. Amene anamva za thangata kwa agogo ake sangafunse zambiri. Mayi Ozella anabwera ku England ali mtsikana, potsatira mwamuna wawo Cleon, amene anali msilikali pa bwalo lina la ndege. Nthawi yake ya usilikali itatha, Cleon anakana kubwerera kudziko kumene munthu wakuda ankayenera kupatuka m'njira mzungu akamabwera. Anakhazikika ku Leicester, mkazi n'kulowa ntchito pa fakitale ya masokosi. Cleon anamwalira, mwana wawo mmodzi yekhayo anamutsatira, ndipo anatsala ndi mdzukulu, Tiffany, amene ankakhala ku Normanton ku Derby n'kumabwera akapuma kuntchito.

Pamene Keturah ankayamba kupita kunyumbako, mutu wa Mayi Ozella unali utayamba kutaya zinthu. Lero aiwala ketulo pamoto, mawa aiwala kuti ndi tsiku lanji. A boma oona za okalamba anagwirizana ndi Tiffany kuti mayiwo akhalebe m'nyumba mwawo, osamalira azibwera m'mawa ndi madzulo, koma tsiku limene adzatuluke n'kusochera, basi, adzapita kunyumba yosungirako okalamba. Mayi Ozella zimenezi ankazidziwa, ndipo ankaziopa kuposa imfa.

"Ndinasamutsidwa mokwanira pa moyo wanga," ankatero. "Muno ndidzatuluka nditafa, miyendo ili patsogolo."

Kuseri kwa nyumbayo kunali kabwalo kakang'ono kotchingidwa ndi khoma la njerwa. Pakati pake panali mtengo wa maapozi umene unauma kalekale, nthambi zake zodulidwa nsonga, ndipo nthambi iliyonse inali itavekedwa botolo labuluu chozondoka. Ena aakulu, ena aang'ono. Dzuwa likawala, kabwalo konse kankasanduka kabuluu. Mphepo ikawomba, mabotolowo ankalira chapansipansi, huuu. M'mawa uliwonse akamwa tiyi, Mayi Ozella ankagwira ndodo yawo, n'kutuluka, n'kumagwira botolo lililonse, milomo ikuyenda.

Tsiku loyamba lomwelo Keturah anafunsa. Inde, anafunsa, ndipo apa m'pamene pamandipsetsa mtima kwambiri, chifukwa yankho analipeza koma analidula pakati.

"Agogo, zimenezi n'zachiyani?"

Mayi Ozella anamwetulira, kusangalala kuti wina wafunsa. "Kwathu ku Delta, mwana wanga, pakhomo pa munthu wakuda pankakhala mtengo wotere. Akuluakulu ankati kuli mizimu yosochera, ife timaitcha mahenti. Imakopeka ndi kuwala kwa botolo, imalowamo, ndiye njira yotulukira osaipezanso. Dzuwa likatuluka limaiwotchera momwemo. Ukamva botolo likulira ndi mphepo, ankati wina wakodwa. Koma angawa ndinawapatsa ntchito ina. Ukuona kakang'onoka? Aka ndi ka mayi anga, dzina lawo..."

Keturah anali atapita kale. Mawu oti mizimu atangolowa m'khutu, anathamangira m'nyumba, n'kuyatsa huva, makina aphokoso opopera fumbi aja, n'kuyamba kolasi mokweza mawu. Kuyambira tsiku limenelo unakhala mwambo wake. Mayi Ozella akangotsegula chitseko chakuseri, huva inkabangula, kolasi pamwamba pake, kuti khutu la mwana wa Mulungu lisamve zamdima.

Akanangoima kamphindi akanamva izi. Mayi awo a Ozella anamwalira mwana wawo ali kuno, ndipo kumaliro sanapite. Patapita zaka zambiri anakwanitsa ulendo, cholinga akagwade pamanda. Kwawoko manda a anthu akuda sankakhala ndi miyala yolembedwa. Pamtumbira ankaikapo zimene malemu anagwiritsa ntchito komaliza: kapu, mbale, nyali, botolo la mankhwala, zonse ataziswa kapena kuziboola. Wachibale akafika ankadziwa kuti kapu iyi ndi ya uje, apa ndiye pagona uje. Mayi Ozella atafika anapeza katchalitchi ka matabwa kulibe, mitengo ya kumanda kulibe, mitumbira kulibe. Munda unali utagulidwa ndi kampani, ndipo thirakitala inali italima zonse n'kudzalapo soya. Anayendayenda m'mizere ya soyayo akulira, mpaka pamalo pamene panali nyumba yawo. M'ngalande, m'matope, anaona kanthu kabuluu. Kanali kabotolo ka mankhwala a m'mimba kamene mayi awo anaveka pamtengo wapakhomo iwo ali mwana. Anakazindikira ndi kukamwa kwake kobenthuka. Anakakulunga m'sokosi n'kubwera nako ku Leicester.

Kenaka anayamba kuwonjezera. Lina la bambo awo. Lina la malume awo, amene pa chigumula chachikulu anakakamizidwa ndi mfuti kuunjika matumba a mchenga m'mbali mwa mtsinje, madzi n'kuwakokolola, mtembo osapezeka. Lina la mng'ono wawo amene anafa ndi malungo nthawi yotola thonje. La Cleon, la mwana wawo. Anthu opanda manda anapeza manda pamtengo wa maapozi. Ndipo mutu utayamba kutaya zinthu, mtengowo ndi umene unkawagwira. Akatchula mayina aja mwa ndondomeko yake, kuyambira pa kabotolo kakang'ono, ankadziwa kuti iwo ndi ndani, ali kuti, anafika bwanji, ndipo tsiku linkayenda bwino. Ngakhale dokotala anali atanena kuti m'nyumbamo musasunthidwe kanthu.

Tsono Keturah mavuto anamugwera, monga amagwera munthu aliyense. Bondo linatupa. Mwana wake Darlington anamenyana kusukulu. Usiku ankalota zoopsa. Munthu wina akanati bondo latupa ndi masitepe, mwana walowerera chifukwa mayi amachoka kukali mdima. Keturah ayi. Iye mfiti anali ataipeza kale.

Tsiku lina m'mawa Mayi Ozella akuwodzera pampando, anatuluka kukabwalo kaja n'kuimbira Mayankho, mtsikana wa ku Zomba amene ankagwira nyumba imeneyi iye asanabwere. Ankalankhula mokweza, poti Chichewa ku Spinney Hill angamve ndani?

"Mayankho, ine ndatopa. Nyumba ino ndi ya mfiti. Chiyambireni shifiti ino bondo langa silikupinda, Darlington amusasipenda. Zonsezi ndi nsupa zili pamtengozi. Ndiziswa ine."

"Iii anti, musatero inu," anayankha Mayankho. "Ine ndagwirako kumeneko, palibe chinandichitikira. Amangotchula abale awo basi. Tawafunsani bwinobwino, kapena muimbireni Tiffany. Mukakhudza katundu wa kilayenti akuripotani."

"Andiripote! Ine ndimaopa Mulungu, osati manejala. Iwe ndiwe mwana, maso ako auzimu sanatseguke."

"Mayi, mabotolo amenewo asiyeni."

Keturah foni inatsala pang'ono kugwa. Mawuwo sanachokere m'foni, anachokera kuseri kwa khoma, m'Chichewa chomveka bwino. Atasuzumira anaona mayi wachimwenye wachikulire, mpango kumutu, akuyanika zovala. Anali Mayi Jubeda, oyandikana nawo nyumba.

"Musadabwe," anatero Mayi Jubeda. "Ine ndinabadwira ku Dedza, bambo anga anali ndi sitolo kumeneko. Chichewa ndinachita kuyamwira. Tilipo ambiri m'misewu ino, muzisamala polankhula. Mayiwa ndakhala nawo khoma limodzi kuyambira ana anga ali kumsana. Ine ndine Msilamu, za mabotolo si za chipembedzo changa. Koma bwalolo si langa. Si lanunso. Mukachotsa mabotolowo mwachotsa mutu wa mayiwa."

"Zikomo amayi, ndamva," anatero Keturah, mawu ofatsa, maondo atapinda pang'ono. Koma mumtima ankati: taonani mdima ukuikira kumbuyo mdima unzake.

Anthu awiri anamuchenjeza, wina wa kwawo, wina wapakhomo pomwepo. Akanafunanso chiyani, mngelo? Koma munthu akadziyesa kuti watumidwa ndi Mulungu, khutu limasanduka chokongoletsa mutu. Anasala kudya, anapemphera, n'kumadikira mpata. Ndipo muone kuti sanachite mwaphuma: anadikira mpaka atamva kuti Mayi Jubeda apita kukachezera mwana wawo kutali kwa masiku angapo. Munthu wochita chilungamo amadikira kuti mboni ichoke kaye?

Mpata unapezeka tsiku lotaya zinyalala. M'mawa umenewo Tiffany anabwera kudzatenga agogo ake kupita nawo kuchipatala cha maso, Keturah n'kutsala yekha m'nyumba ndi kiyi. Anadzola mafuta odalitsidwa m'manja, anatenga thumba la olenji lija a khansolo amapereka loikamo mabotolo ndi mapepala, n'kutuluka kuseri. Anayamba kuzula limodzilimodzi akudzudzula. Bambo analowa m'thumba. Malume analowa m'thumba. Cleon, mwana, mng'ono, onse gobede gobede. Kabotolo kakang'ono kaja kanali komangidwa ndi waya kuti mphepo isakagwetse, ndipo kanakana kuchoka.

"Ukulimbalimba eti? Ndiwe mkulu wawo iwe!" anatero Keturah, n'kukapotokola mpaka khosi lake linathyoka.

Anamanga thumba n'kukaliika pamsewu pamodzi ndi matumba a anthu ena. Lole itafika, anaima pazenera kuonerera. Anamva magalasi akusweka m'kati mwa lole, phwaa, ndipo anakweza manja n'kunena aleluya. Kenaka anasesa kabwalo konse mpaka mbee, n'kupita kukakwera basi mtima uli myaa, akudziona ngati wapulumutsa moyo wa munthu.

Tiffany anabwera nawo agogo ake madzulo mvula ikugwa, anawagoneka, n'kuthamangira sitima. Kuseri sikunapite munthu.

M'mawa mwake Keturah anafika, anawasambitsa, anawapatsa tiyi. Lero huva sanayatse, ankafuna aone chipulumutso ndi maso ake. Mayi Ozella anagwira ndodo, anatsegula chitseko chakuseri, n'kuima. Anaima nthawi yaitali. Mtengo unali mbulanda, nthambi zili nyomi.

"Pano si pakhomo panga," anatero motsitsa.

"Ndi panu, agogo. Ndakuyeretserani. Mulungu wakumasulani lero."

"Anthu anga ali kuti?"

"Zinali ziwanda zija, agogo. Zapita, sizibweranso."

Mayi Ozella anayenda pang'onopang'ono mpaka pamtengo. Anagwira nthambi imene panali kabotolo kaja, panali patatsala waya yekha. Milomo inayamba kuyenda, kenaka inaima. Dzanja linapita pa nthambi ina, linabwerera, linapitanso kwina. Ndondomeko inali itabalalika. Anatembenuka n'kumuyang'ana Keturah, osati mokwiya, koma ngati munthu amene wazindikira nkhope yakalekale.

"Nawenso wabwera ndi thirakitala?"

Keturah sanamve tanthauzo lake. Akanalimva bwanji, poti nkhaniyo anaiphimba ndi huva?

Masiku otsatira Mayi Ozella anakana chakudya. Anayamba kulongedza madiresi m'chikwama cha pilo, akunena kuti awasamutsira m'nyumba ya eni ake ndipo akufuna kubwerera kwawo kusanade. Ankafunsa ngati Cleon wabwera kuntchito. Munthu wanzeru akanaimba foni tsiku lomwelo n'kunena kuti abale, ndalakwitsa, thamangani. Keturah anauza amayi a kutchalitchi kuti ziwanda zikamatuluka zimayamba zavuta kaye, apitirize kumupempherera. Kwa Tiffany anangoti agogo atopa pang'ono ndi ulendo wa kuchipatala uja.

Ndiye tsiku lina, Keturah atamaliza shifiti ya m'mawa n'kutseka chitseko, Mayi Ozella anatsegula chitsekocho n'kutuluka. Anali ndi masilipasi kumapazi, chikwama cha pilo kukhwapa, kunja kukuzizira kochita kuluma, mvula ikuwaza. Anadutsa masitolo, anadutsa mabutchala, anawoloka msewu waukulu magalimoto akuimba mabelu. Amene anawapeza ndi Moosa, wogulitsa ndiwo zamasamba pafupi ndi paki. Mayiwo anali atakhala pansi m'mbali mwa msewu, atanyoweratu, akunjenjemera, akufunsa aliyense wodutsa njira yopita kukatchalitchi ka matabwa kufupi ndi mtsinje. Anagona m'chipatala ndi chibayo. Atachira, a boma aja anakhala pansi ndi Tiffany. Pangano linali pangano. Tiffany analira, anapempha, koma ntchito sakanaisiya, ndipo kanyumba kake ka ku Normanton kanali ka chipinda chimodzi pamwamba pa masitepe. Mayi Ozella kunyumba kwawo sanabwererenso.

Keturah atapita kukabweza kiyi anapeza Tiffany ndi Mayi Jubeda ataima pakhomo. Tiffany anali ataona kale mtengo, ndipo Mayi Jubeda anali atamuuza zimene anamva pakhoma paja. Mtsikanayo sanakuwe. Anatambasula dzanja, analandira kiyi, n'kunena m'Chingelezi mawu ochepa okha.

"Agogo anga anapulumuka kwa anthu odana nawo. Sindinkadziwa kuti ndiyenera kuwateteza kwa munthu wowapempherera."

Analowa m'nyumba. Koma Mayi Jubeda anali asanathane ndi Keturah, ndipo anasankha Chichewa kuti mawu alowe bwino.

"Kwanu n'kuti, mayi?"

"Ku Ntcheu," anayankha Keturah, maso ali pansi.

"Ku Ntcheu! Pafupi ndi kwathu pomwe. Ine ndili mwana tinkadutsa pafupi ndi manda a kumidzi ya kumeneko popita kukagula mbatata. Pamitumbira ndinkaona mbale zoboola, miphika yosweka, makapu. Ndinafunsa bambo anga, anandiuza kuti ndi ziwiya za malemu, usaloze chala, usakhudze. Ife alendo tinkadziwa kulemekeza. Tandiuzani, pamanda a agogo anu palibe mbale?"

Keturah anaikumbukira mbaleyo. Inalipo. Mbale yoyera ya malata, yoboola pakati ndi msomali, ndi kapu imene agogo ake ankamwera thobwa. Anaziika ndi mayi ake enieni, mayi a mvano, Baibulo lili kukhwapa, ndipo palibe anawatcha mfiti.

"Ndiye wina atabwera kuchokera kutali," anapitiriza Mayi Jubeda, "n'kutola mbale imeneyo, n'kukaitaya kudzala, n'kukuuzani kuti wakumasulani, mungamutche dzina lanji? Za kwanu ndi mwambo, za mnzanu ndi ufiti? Mayiwa makolo awo anachoka kwathu konkuja atamangidwa maunyolo. Chimene anakwanitsa kunyamula ndi chomwechi, ndipo anachisunga kudutsa ukapolo, kudutsa thonje, kudutsa chigumula. Chathera m'manja mwa mwana wa kwawo. Pitani, mayi. Basi yanu ikusiyani."

Ku ejensi imene inamulemba ntchito nkhaniyi anaitcha kukonza pabwalo mopitirira muyeso. Mopitirira muyeso! Ngati kuti munthu wathira shuga wambiri m'tiyi. Anamuchenjeza, n'kumupatsa nyumba ina ya nkhalamba ina. Bondo lija silinaphwe. Dokotala anati ndi masitepe ndi kuimirira nthawi yaitali, n'kumupatsa mankhwala opaka. Darlington anapitiriza kuvuta mpaka bambo ake anasintha shifiti kuti azimuperekeza kusukulu, ndipo anasiya. Nyumba ya ku Spinney Hill anaiika pamalonda, ogula n'kudula mtengo wa maapozi uja kuti apeze poika njinga.

Koma mbale ya malata ija inamukhala Keturah pamtima. Akatseka maso kuti apemphere ankaiona. Tsiku lina atapuma kuntchito anayendayenda m'masitolo mpaka anapeza madzi ogulitsidwa m'mabotolo abuluu. Anagula angapo, anataya madziwo, anachotsa mapepala, anawatsuka mpaka kuwala, n'kukwera basi yopita kunyumba yosungirako okalamba kunja kwa mzinda. M'njira ankayeseza mawu opepesa.

Anawapeza Mayi Ozella atakhala pampando pafupi ndi zenera loyang'ana poimika magalimoto. Anali atachepa ngati mwana, manja ali pamiyendo. Keturah anagwada pansi monga timachitira kwathu, bondo lotupa lomwelo, n'kutulutsa mabotolo aja.

"Agogo, ndine Keturah. Ndinakulakwirani. Ndabweretsa ena."

Mayi Ozella anatenga limodzi. Analitembenuza, analiyang'anitsa pa kuwala kwa zenera, analiuzira mpweya kukamwa, n'kuliika kukhutu. Anamvetsera nthawi yaitali.

"Lokongola," anatero. "Koma mulibe munthu."

Analibweza. Kenaka anamuyang'ana Keturah kumaso, ndipo nkhope yawo inawala pang'ono. Anamugwira pamkono ndi zala zozizira.

"Iwe ndikukudziwa. Unkabwera kwathu m'mawa uliwonse, si choncho? Unkaimba."

"Inde, agogo."

"Ndiye unkandimva ndikuwaitana. Tandithandiza, mwana wanga. Ndakhala ndikufunafuna, sindikulipeza. Pano ndafunsa aliyense, palibe akudziwa. Mayi anga, dzina lawo anali ndani?"

Keturah anatsegula pakamwa. Dzina limenelo linkatchulidwa m'mawa uliwonse, iye ali pomwepo kuseri kwa chitseko. Tsiku loyamba lija linali litafika pamilomo, likubwera kwa iye, kwaulere, iye n'kulithawa. Anafufuza m'mutu monse, ndipo chimene anapezamo ndi phokoso la huva ndi kolasi yake yomwe.

"Sindikudziwa, agogo."

"Ayi, taganiza bwino," anachonderera Mayi Ozella, akumugwedeza mkono. "Unalipo iwe. Unalipo."

Pambuyo pake Keturah anafunsa kwa Mayankho, iye ankakumbuka la malume okha. Mayi Jubeda pakhoma ankangomva kung'ung'udza. Tiffany kuyambira ali mwana ankangomva kuti agogo aakulu. Ngakhale ine wokusimbiranine dzinalo sindilidziwa. Linapita ndi lole ya zinyalala.

Keturah anabwerera ku Braunstone mabotolo ake ali m'chikwama, akugundana njira yonse. Iye ali ndi ntchito, ali ndi nyumba, ndipo manda a agogo ake ali pomwe anali, mbale ili pamwamba. Amene anapsa ndi mayi amene anamutsegulira chitseko n'kumutcha mwana wanga. Mlendo akakoleza moto wake pansi pa denga la eni, iye amathawira panja, wotsala pamtetete ndi mwini. N'chifukwa chake akuluakulu anatiletseratu kuti nyumba ya mwini saotchera mbewa.